Zotayika ndi Zotoledwa pa Depoti ya Lilongwe

Depoti ya mabasi ya mumzinda wa Lilongwe, yomwe ili ku Area 2 moyandikana ndi msika waukulu ndi msewu wa Malangalanga, imakumanitsa magulu awiri a anthu tsiku lililonse. Pali odutsa, amene amangotsika galimoto ina n'kukwera ina, ndiponso pali okhazikika, amene chakudya chawo amachipezera pomwepo, monga oitanira, makondakitala, akabaza ndi amayi ogulitsa zakudya. Zinthu zambiri zimene zimatayika pamalowa ndi za odutsa, koma amene amaziona, kuzitola ndi kukumbukira nkhope ya mwini wake ndi okhazikikawo, kotero kuti kubwerera kwa chinthu m'manja mwa mwini wake kumadalira kwambiri mtima wa gulu lachiwirili.

M'bandakucha, pamene kumzikiti wapafupi akuitanira anthu kumapemphero, mabasi amene ayenda usiku kuchokera ku Mzuzu kapena ku Blantyre amatsitsa anthu amene tulo sitinawathere m'maso. Ino ndi nthawi ya kuiwala, ndipo mawuwa ayenera kusiyanitsidwa ndi anzake, pakuti anthu apadepoti sawasakaniza. Choiwalika ndi chimene mwini wake anachiika yekha pamalo n'kuchoka. Chotayika ndi chimene chinagwa iye osadziwa. Pamene munthu akanena kuti amupisa, akutanthauza kuti dzanja la wakuba linalowa m'thumba mwake. Mawu oti "chasowa" amakuta zonsezi, ndipo amanenedwa ndi munthu amene sanafunebe kuloza wina chala. Kondakitala akamasesa basi m'mawa amapeza chitenje chimene mayi anafunda usiku, tchaja ya foni, chipewa chaubweya, kapena nsapato imodzi ya khanda, ndipo zotere kawirikawiri palibe amene amazibwerera chifukwa mtengo wa ulendo umaposa wa chinthucho.

Dzuwa likakwera, maminibasi ochokera ku Kawale, Chinsapo, Likuni, Area 23 ndi Area 25 amakhuthula anthu opita kuntchito ndi kumsika. Popeza anthu amakhala mothithikana, foni imapulumuka m'thumba n'kugwera pakati pa mipando, ndipo mwini wake akamadzazindikira, minibasi imakhala itadzaza kale n'kubwerera kumene inachokera. Ndi ochepa amene amasunga nambala ya galimoto imene anakwera. Ambiri amangokumbukira mtundu wake, mawu olembedwa pagalasi lakumbuyo, kapena malaya a kondakitala. Apa m'pamene oitanira, anyamata amene ntchito yawo ndi kukopa okwera pofuula kumene galimoto ikupita, amaonetsa phindu limene anthu ambiri sawawerengera. Iwo amadziwa minibasi iliyonse yapasiteji pawo, dzina limene dalaivala wake amadziwika nalo, ndi nthawi imene ingabwerenso, ndipo woitanira akangonena kuti, "Amayi, dikirani pomwepa, galimotoyo ibwera posachedwa," kufufuza kumakhala kwafika pakati. Chinthu chikapezeka, mwini wake amapereka kangachepe kothokozera, komwe ambiri amangokatcha "ya fanta".

Masana ndi pamene pamatayika zinthu zopweteka mtima koposa, chifukwa ndiyo nthawi imene zikwama zimatsegulidwatsegulidwa pogula ndi polipira. Ndalama zikagwa sizitchula mwini wake, ndipo n'zosowa kuti zibwerere. Chiphaso cha unzika n'chosiyana, pakuti chili ndi dzina ndi chithunzi, ndipo wotola alibe nacho ntchito, pamene kwa mwini wake ndicho khomo la zinthu zambiri. Chiyambire kalembera wa dziko lonse amene bungwe la National Registration Bureau linachita mu 2017, chiphasochi chimafunika kubanki, polembetsa mavoti, pogula feteleza wotsika mtengo, ndiponso polembetsa nambala ya foni, kulembetsa kumene bungwe la MACRA linalamula mu 2018. Motero munthu amene wataya chikwama momwe munali foni ndi chiphaso pamodzi amakhala pampanipani: kuti abwezeretse nambala yake, yomwe mwina mulinso ndalama za Airtel Money kapena TNM Mpamba, afunika kudzizindikiritsa, koma chomuzindikiritsacho chapita limodzi ndi foniyo. Ayenera kuyamba wapita kupolisi kukatenga kalata yotsimikiza kuti chiphaso chinatayika, kenako n'kukafunsira china ndi kudikira, ndipo kwa mlimi wochokera ku Mitundu kapena ku Nsaru izi zimadya masiku antchito ndi ndalama zoyendera zimene alibe. N'chifukwa chake kachitidwe ka ogulitsa ena, kopachika ziphaso zotoledwa poonekera pa okala yawo kapena kuzipereka kwa apolisi, n'koyenera kulemekezedwa kwambiri ngakhale kamaoneka kakang'ono. Chimodzimodzinso buku lakuchipatala, momwe madokotala amalembamo matenda ndi mankhwala a wodwala: likatayika, mbiri ya zaka zambiri ya thupi la munthu imatayikira limodzi, popeza ambiri alibe kwina kumene inalembedwa.

Foni yokha ndiyo chinthu chotayika chimene chimatha kuyankha. Mwini wake amabwereka ya mnzake n'kuimba, ndipo ikalira ndi kuyankhidwa, chiyembekezo chimakhalapo. Ikapezeka yozimitsa patangopita mphindi zochepa, aliyense womuzungulira amadziwa tanthauzo lake popanda kulitchula.

Chakumadzulo anthu ofufuza amaoneka akubwerera m'mapazi awo, kuchokera pasiteji kupita pamene anagula tomato, mwinanso kuwoloka milatho yamatabwa ya pamtsinje wa Lilongwe kukafunsa ku msika wa Tsoka kumene anasankha kaunjika. Amafunsa mwaulemu, "Pepani achimwene, simunaoneko kajumbo kakuda pano?" ndipo wogulitsa amene anasunga kajumboko pansi pa benchi sapereka msanga, koma amayamba wafunsa zimene zili m'katimo, njira imene imateteza mwini weniweni kwa onamizira.

Mdima ukagwa, ogulitsa amalongedza malonda awo pamodzi ndi zotoledwa zimene eni ake sanabwere, ena n'kujambula chiphaso ndi kutumiza chithunzi chake m'magulu a WhatsApp a kumpingo kapena a kudera kwawo. Alonda amatsala ndi makiyi omangidwa pakachingwe, ambulera yothyoka nthiti imodzi ndi kabuku kasikelo ka mwana, zomwe amaziika pawindo kudikira basi yoyamba ya m'bandakucha.