Pa Galimoto Yobwereka ku Iceland

Ku Iceland, cisumbu ca kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, kulibe sitima yapamtunda. Mlendo wofuna kuona dziko amabwereka galimoto pa bwalo la ndeke la Keflavík, nalowa mu mseu waukulu wozungulira cisumbuco, wa makilomita oposa 1,300, umene anautsiriza mu 1974. Ciyambire 1968 kumeneko amayendera ku dzanja lamanja, osati kumanzere monga kuno kwathu, ndipo nyali ziyenera kuyaka usana ndi usiku womwe.

Malamulo otere munthu sacedwa kuwazolowera. Covuta ndi mphepo. Mukatsegula citseko mosasamala, imacikwatula m'manja mwanu ndi kucipinda. Kum'mwera imaulutsa mcenga wakuda ndi phulusa la mapiri a moto, zimene zimapala utoto ndi magalasi. Kawirikawiri inshuwalansi wamba siilipira zimenezi, conco pepala la pangano muliwerenge musanasaine, ngakhale mwatopa ndi ulendo.

Miseu ya pakati pa cisumbu, yokhala ndi cilembo ca F, imatseguka m'nyengo yotentha yokha, ndipo imafuna galimoto yokoka ndi mawilo onse anai. Ina imadutsa m'mitsinje yopanda milatho. Injini ikamwa madzi, ndalama zidzacoka m'thumba lanu. Kupatuka mu mseu ndi mlandu, pakuti zomera za m'nthaka yozizirayo zikapondedwa zimatenga zaka zambiri kuti zimerenso.

M'nyengo yotentha nkhosa zimayenda zokha, popanda mbusa. Mukaona kamwana mbali iyi, make tsidya linalo, cepetsani liwiro: kadzadumpha mseu.