Shedi yanga idayamba ndi phulusa

Ndimaphunzitsa masamu pasukulu ya sekondale yoyendera kumudzi. Monga aphunzitsi ambiri, malipiro amandithera mwezi usanafike pakati. Magetsi atafika kwathu kudzera mu pologalamu ya MAREP, ndidatenga ngongole n’kugula makina owotcherera zitsulo, galainda ndi vaisi. Ntchitoyi ndidaiphunzira kwa malume ndili mnyamata, ndipo kuno ofuna zitseko, mafelemu a mawindo kapena kukonzetsa ngolo ankayenda ulendo wautali kupita kuboma.

Loweruka loyamba ndidayala zida kuseri kwa nyumba, pafupi ndi soketi, poti waya wanga adali wamfupi. Ndikudula chitsulo, nthethe za moto zidagwera pampanda wa udzu. Ndidangomva mayi a kunyumba akukuwa, akuthamanga ndi ndowa. Motowo udazima utatsala pang’ono kufika pankhokwe ya chimanga chathu cha chaka chonse.

Usiku womwewo mwana wathu wa zaka zisanu adadzuka akulira kuti m’maso muli mchenga. Masana adakhala pakhonde n’kumaonerera kuwala kwa kuwotcherera, ine nkhope ili m’chipewa, osamuona. Kuchipatala adatiuza kuti kuwalako kumawotcha maso ngakhale munthu ali chapatali. Adachira patapita masiku awiri, koma mayi ake sadandinyengerere.

“Bambo, makina anuwa asalirenso pano mpaka apeze nyumba yawo,” adatero.

Ndidatenga pepala la magirafu n’kujambula shedi ya mamita 4 mbali zonse, yogundana ndi nyumba. Benchi pakati, makina pakona, zonse mwaudongo. Ndidakaionetsa kwa mkulu wina amene wakhala akuwotcherera pamsika kwa zaka zambiri. Adaliyang’ana pepalalo n’kuseka.

“Aphunzitsi, chitsulo chilowera pati?”

“Pakhomo apa, achikulire.”

“Nanga mukachigula chimabwera chotalika bwanji?”

Ndidangoti kakasi. Mapaipi ndi zitsulo za mafelemu zimagulitsidwa zotalika mamita 6. Ine wophunzitsa ana kuyeza ndidajambula chipinda chomwe chitsulo sichingagonemo.

Mkuluyo adabwera kunyumba Lamulungu madzulo. Tidatenga nsungwi ya mamita 6, zikhomo, chingwe ndi chitini cha phulusa. Tidalemba makoma pansi ndi phulusalo, ine n’kumalowa nditasenza nsungwi ngati chitsulo, kuyesa kutembenuka nayo. Paliponse pomwe idadutsa mzere, tidafufuta n’kulembanso. Ana a pamudzi adatiunjirira, kuyesa kuti aphunzitsi ayamba masewero.

Tidamaliza ndi shedi ya mamita 7 m’litali ndi 4 m’lifupi. Chitsulo chizilowa pakhomo la kumapeto n’kugona pathandala lotsata khoma lalitali. Chikatsika pamenepo chizidulidwa, chipite pabenchi yowotchererapo, kenako chisalazidwe ndi galainda, chituluke kukapakidwa penti panja. Ntchito iziyenda mbali imodzi, osabwerera m’mbuyo. Benchi tidaisiyira mpata wa mita imodzi mbali zitatu, kuti pogwira chitseko ndizichizungulira ine m’malo mochitembenuza.

Malo enieni adasankha ndi mayi a kunyumba. Ine ndinkafuna pafupi kuti ndisawononge ndalama za waya. Iwo adayenda kuchokera pankhokwe akuwerenga mapazi mpaka kumalire a puloti, kufupi ndi msewu, n’kuima. Nditayeza ndidapeza mamita 15. Mkulu uja adavomereza, nati nthethe za galainda zimatha kuuluka mamita 10, ndipo zina zimanyeka mwakachetechete mu udzu mpaka mwini wake atagona. Adaonjezanso kuti tikumbukire mwera: m’miyezi yozizira mphepo imachokera chakumwera, choncho udzu ndi nkhuni zisakhale kumene imalowera.

Khomo liziyang’ana kumsewu, makasitomala asamadutse pabwalo pomwe mayi amaphika. Khoma loyang’ana kunyumba likhala la njerwa, lopitirira msinkhu wa munthu, lopanda windo, kuti kuwala kuja kusafikenso pakhonde. Kumsewu nako ndiika chotchinga cha malata, poti ana asukulu amadutsa pomwepo. Pamwamba, pansi pa denga, tisiya mpata mbali zonse kuti utsi uzituluka. Utsi wa mapaipi okutidwa ndi zinki umadwalitsa mutu ndi kutentha thupi ngati malungo.

Pansi tikweza ndi kuthira simenti, chifukwa kuwotcherera utaponda ponyowa n’kuitana magetsi kuti adutse m’thupi. Waya wochokera kunyumba akhala wonenepa, wokwiriridwa m’paipi, ndipo adzalumikiza ndi katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso, osati ine. Switchi yozimitsira zonse ikhala pakhomo penipeni, poti ngozi ikachitika wothandiza asafunike kulowa mkati. Pambali pake pakhala ndowa ya mchenga. Penti ndi thina zikhala m’bokosi lachitsulo kunja, pomwe marodi akhala m’bokosi louma pamwamba, chifukwa akanyowa sagwira bwino.

Zonsezi zakweza mtengo kuposa momwe ndidawerengera. Njerwa taumba tokha ndipo tawotcha, koma simenti ndi malata zikudikira kuti tigulitse soya. Makina ali m’bokosi pansi pa bedi mwezi wachinayi tsopano, ngongole ikudulidwa kumalipiro mwezi ndi mwezi. Anthu awiri abwera kudzafunsa zitseko, ndawabweza. Wina adandiuza kuti ndingogwirira pansi pa mtengo wa mango monga amachitira anzanga. Kunena zoona, tsiku limenelo mtima udagwedezeka, chifukwa m’nyumba mudalibe ndi sopo yemwe. Koma nditayang’ana pakhonde ndidaona mwana uja akusewera, ndipo mawu adandithera.

Anzanga amene mukuganiza zoyamba ntchito yotereyi pakhomo, musanagule njerwa tengani nsungwi ndi phulusa, muitane amene adayamba kale, ndiponso amene amakhala pakhomopo tsiku lonse inu muli kuntchito. Safunsa adadya phula, ndipo ine ndidatsala pang’ono kudya phulusa la nkhokwe yanga.

Mvula ikafufuta mizere ija, mwana wanga ndi amene amatenga chitini kukailembanso. Dzulo adandionetsa pomwe walemba mzere wake, kunja kwa khoma, nati pamenepo ndiye polekezera iyeyo.