Nanzikambe wa mu Mtengo wa Mandimu

Ku Ulaya ndi ku America anthu ena amaweta tinyama totchedwa salamander m'mabokosi agalasi. Timafanana ndi abuluzi koma ndi ta m'gulu la achule, ndipo ku Malawi kuno kulibe. Kwathu kuno kwa Mposa, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, tili ndi achule m'minda ya mpunga ndi ananzikambe m'mitengo, koma zoweta palibe amaziganiza. Amene anaziyamba ndi mwana wanga wa zaka 12, ataphunzira za chilengedwe ku Pathfinder. Anatola nanzikambe n'kumuika m'katoni yoboola.

Galu anapita kukanunkhiza. Nanzikambe atafufuma, kuda ndi kuyasamula, anabwerera chamchira. Mphaka ndiye ankangogona pambali pa katoniyo, maso ali tong'o. Mlongo wake wa zaka zitatu ankalirira kumunyamula.

Nkhani inakula ndi amayi anga. Anakana kulandira madzi akumwa m'manja mwa mdzukulu wawo.

"Iwe, chimenecho ndi chimene chinatichedwetsera moyo," anatero.

Ankanena nthano yakale ija yakuti Chauta anatuma nanzikambe kukauza anthu kuti sadzafa, koma buluzi anafika msanga ndi uthenga wa imfa. N'chifukwa chake ena amamupha pomuthira fodya m'kamwa.

"Agogo, inu mungomuona mmene akudyera," anapempha mwanayo.

Ine, monga wodzipereka pa zaumoyo kumpingo, ndinawauza kuti mantha ena ndi opanda pake koma ena ndi enieni. Nanzikambe alibe ululu ndipo sabweretsa tsoka. Amadya ntchentche ndi ziwala, akuziwakha ndi lilime lotalika kuposa thupi lake. Pa Levitiko 11 ali m'gulu la zodetsedwa, koma palibe lamulo loti tizimuzunza. Choopsa chenicheni sichioneka ndi maso. Zokwawa ndi achule zimatha kukhala ndi tizilombo ta salmonella m'ndowe ndi pakhungu, timene timayambitsa kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi. Ana osakwana zaka zisanu ndi okalamba ndiwo amavutika nako kwambiri.

Tinagwirizana zitatu. Nanzikambe achoke m'katoni akakhale mu mtengo wa mandimu, kumene mphaka safikako chifukwa cha minga. Wamng'ono uja aziona koma asagwire. Womugwira asambe m'manja ndi sopo pa mpondagiya asanakhudze mbale kapena ndowa ya madzi.

Tsopano mwanayo amalemba m'kope nthambi imene wamupeza ndi mtundu umene wasanduka. Masiku ena sapezeka n'komwe, ndipo wavomereza zimenezo. Amayi sanasiye kumutcha "chinthu chija," ndipo akamapita ku dimba amaulambalala mtengowo. Koma madzi a mdzukulu wawo akumwa, bola aone okha kuti wasamba m'manja.

Mwana wanu akabwera ndi kanyama kachilendo, musathamangire ndodo. Mufunseni kuti kamadya chiyani, kazikhala pati, ndipo sopo ali kuti.