Kutumiza mafayilo pa zenera lakuda

Ntchito yanga ndi yosamalira maseva. Anthu akamva zimenezi amayesa kuti ndimakhalira kumasula mabokosi achitsulo ndi kulumikiza mawaya, pomwe tsiku langa limathera pa zenera lakuda lopanda chithunzi, ndikusamutsa mafayilo kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina. Ndandanda ya malipiro a antchito, zosunga za database za usiku uliwonse, zikalata zochokera ku nthambi yathu ya kutali, zonsezi ziyenera kukafika zathunthu, munthu wina osaziwerenga panjira.

Kale anthu ankagwiritsa ntchito telnet, ftp ndi rcp, ndipo pasiwedi inkayenda pa netiweki ili poyera, moti aliyense wotchera khutu pakati ankangoitola. Zoterezi zinachitika pa Helsinki University of Technology ku Finland, ndipo mu 1995 Tatu Ylönen analemba SSH kuti zonse zodutsa pakati pa makompyuta awiri zizibisika. Anapatsidwa poti 22, pakati pa 21 ya ftp ndi 23 ya telnet. Ambirife timagwiritsa ntchito OpenSSH, yomwe gulu la OpenBSD linatulutsa mu 1999, ndipo kuyambira 2018 imabwera ngakhale mu Windows 10.

Lamulo loyamba lomwe ndimaphunzitsa wachinyamata wobwera kudzaphunzira ntchito ndi ili:

scp malipoti.tar.gz ine@seva:/srv/zosunga/

Ndimamuuza kuti ayang'anitsitse timadontho tiwiri totsatira dzina la seva. Akangolemba ine@seva basi, osaika timeneti, scp sidandaula: imangokopera fayiloyo pompo pa kompyuta yake n'kuipatsa dzina loti ine@seva, iye n'kumapita kukadya nkhomaliro ali ndi chikhulupiriro choti watumiza. Palinso ka P kosokoneza. Pa ssh, poti amaitchula ndi -p wamng'ono, koma pa scp ndi -P wamkulu, chifukwa wamng'onoyo anamutenga kale kuti azisunga tsiku ndi nthawi ya fayilo. Foda yonse imafuna -r. Izi munthu amaziloweza pasanathe mlungu.

Chomwe chimavuta kulowa m'mutu ndi funso lomwe kompyuta imafunsa ukalumikiza seva koyamba. Imakuonetsa mzere wautali wa zilembo woyamba ndi SHA256, womwe ndi chidindo cha kiyi ya sevayo, n'kufunsa ngati ukufunadi kupitiriza. Pafupifupi aliyense amalemba yes asanawerenge. Komatu chitetezo chonse chagona pamenepa. SSH imabisa katundu panjira, koma ngati amene ukulankhula naye ndi wakuba wodzionetsa ngati seva yako, ndiye kuti wamubisira bwinobwino katunduyo n'kumupatsa m'manja. Ine ndimaimbira foni mnzanga amene ali pafupi ndi sevayo, alembe ssh-keygen -lf pa fayilo ya kiyi yomwe ili mu /etc/ssh, andiwerengere zilembozo, ine ndikuyerekeza ndi zomwe zili pa zenera langa. Zikagwirizana ndiye ndimavomera, ndipo kiyi ya chidindocho imasungidwa mu known_hosts. Tsiku lina chikadzasintha, ssh imakana kulumikiza, n'kutulutsa chenjezo la zilembo zikuluzikulu. Kawirikawiri chimakhala chifukwa choti wina waikanso mwatsopano pulogalamu yonse yoyendetsa sevayo osauza anzake. Ngakhale zili choncho, sindifufuta mzere wakale wa mu known_hosts ndisanafunse. Amene amangothamangira kufufuta kuti ntchito iyende, ameneyo sindimupatsa seva ya malipiro.

Mapasiwedi ndinawasiya kalekale. Lamulo la ssh-keygen -t ed25519 limapanga makiyi awiri. Yothera ndi .pub ndi ya poyera, ndipo ssh-copy-id imakaiika mu authorized_keys pa seva. Inayo siichoka pa laputopu yanga, siyenda pa imelo kapena pa WhatsApp, ndipo ndimaitsekeranso ndi mawu achinsinsi kuopa tsiku lomwe chikwama chingasowe m'minibasi. Ikakhala yoti ena pa kompyutayo angathe kuiwerenga, ssh imakana kuigwiritsa ntchito mpaka ulembe chmod 600. Kuuma mtima kumeneku ndimakukonda.

Ngakhale ndimaphunzitsa scp, ine mwini ndimaigwiritsa ntchito pa tinthu tating'onoting'ono basi. Kuno kwathu magetsi amathima osatsanzika, netiweki imaduka, ndipo bandulo ndi ndalama. Fayilo ya magigabaiti 8 ikaduka itatsala pang'ono kutha, scp imayambiranso pachiyambi. Nchifukwa chake katundu wolemera ndimamupatsa rsync, yomwe Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anatulutsa mu 1996 ku Australia. Iyo imadutsa mu SSH momwemo, choncho chitetezo n'chimodzimodzi, koma nzeru yake ndi ina. Kompyuta yolandira imagawa fayilo yomwe ili nayo m'tizidutswa, n'kutumiza tizizindikiro ta kachidutswa kalikonse. Yotumiza imayerekeza ndi fayilo yake, n'kutumiza zokhazo zomwe zasintha kapena zikusowa. Ndikalemba rsync -avP, P wamkuluyo amasunga gawo lomwe lafika kale ndipo amandionetsa pomwe ntchito yafika. Magetsi akayaka ndimangobwereza lamulo lomwelo, ngati mlimi amene mvula inamuthamangitsa dzulo, lero wayambira pa mzere womwe anasiyira.

Koma rsync ndi mpeni wakuthwa. Kamzere kopendekera kumapeto kwa dzina la foda kamasintha tanthauzo: zithunzi/ ndiye kuti zam'kati mwa fodayo, pomwe zithunzi popanda kamzereko ndiye kuti foda yeniyeniyo ndi zam'kati mwake. Ukawonjezera --delete, chilichonse chomwe kulibe kochokera chimafufutidwa kopita, ndipo ukasinthanitsa malo awiriwo, foda yopanda kanthu ingathe kusesa zosunga za zaka zambiri m'kanthawi kochepa. Choncho ndimayamba ndi -n, yomwe imangoonetsa zomwe zikanachitika osakhudza kanthu, n'kuwerenga mndandandawo mpaka pansi. Masana ndimaikanso --bwlimit kuti a ku akaunti asabwere kudzagogoda kuti intaneti yauma. Za -z, yopanikiza zinthu kuti zichepe, imathandiza pa zolemba ndi pa database, koma pa zithunzi za JPEG ndi mavidiyo n'kungotopetsa kompyuta, poti zimenezo n'zopanikizidwa kale.

Nayonso scp inasintha m'kati, ngakhale ambiri sanazindikire. Mu 2019 Harry Sintonen anaonetsa kuti seva yachinyengo ingathe kulemba mafayilo omwe sunapemphe mu foda yako, ndipo eni ake a OpenSSH ananena poyera chaka chomwecho kuti njira yakale ya scp yatha ntchito. Kuyambira pa OpenSSH 9.0 mu 2022, ukalemba scp, pansi pake pamayenda njira ina yotchedwa SFTP. Ndimakumanabe ndi timarauta takale tosamva chilankhulo chatsopanochi, ndipo pamenepo ndimawonjezera -O kuti ibwerere ku njira yakale. Ndimachita zimenezi pa kachipangizo komwe ndikukadziwa kokha.

Fayilo ikafika, ntchito imakhala isanathe. Disiki ya kopita ingathe kudzaza, kapena kulumikizana kuduka, n'kusiya fayilo ya dzina lolondola koma yoperewera. Ndimalemba sha256sum kuno, n'kulembanso uko, ndipo pamatuluka zilembo 64 mbali iliyonse. Kachidutswa kamodzi kakasiyana, mzere wonsewo umasintha. Zosunga za database ndimaziyesanso pozitsegula pa kompyuta ina kamodzikamodzi, chifukwa fayilo ingathe kufika bwino pomwe inali yowonongeka kale isananyamuke. Inu amene mwayamba kumene ntchitoyi, chonde musafufute fayilo yoyambirira mizere iwiri ya sha256sum ija isanagwirizane.