Kusankha Mmisiri Wokonza Injini ya Boti

Chinthu cha mtengo wapatali chikawonongeka, mwini wake amayesedwa pawiri: m'thumba ndi m'nzeru. Ku Yofu, kumpoto kwa chilumba cha Likoma, magalimoto ndi owerengeka. Chuma chimene munthu amanyadira ndi boti la injini, pakuti ndilo limakoka bwato ndi chilimila kupita kumene kuli usipa ndi utaka.

Msodzi wina wa kumeneko adasunga ndalama zaka zinayi kufikira adagula injini yatsopano ya Yamaha. Usiku wina mwera udakankhira botilo pamwala, ndipo chipalasiro cha injini chidapindika. Kutacha, aphungu adachuluka. Mlamu wake adati, "Achimwene, musavutike n'kuwoloka nyanja. Mnyamata wa patsinde pa mlambe uja awongola ndi hamala lero lomwe."

Iye adakumbukira kuti safunsa adadya phula, choncho adapita kwa mkulu wina amene adagwirapo ntchito m'sitima. Mkuluyo adamasula kabawuti ka kunsi kwa injini, ndipo oyilo adatuluka wotuwa ngati mkaka. "Mwanawe," adatero, "chipalasiro n'chimene chikuoneka ndi maso, koma chitsulo chimene chimachizunguza chakhotanso. Chikakhota chimadya mphira zotchinga madzi, madzi amalowa m'magiya, ndipo magiyawo amaperepeseka pang'onopang'ono. Hamala sangaone zimenezo."

Apa ndi pamene pagona kusiyana. Mmisiri wovomerezedwa ndi kampani yopanga injini adaphunzitsidwa za mtundu womwewo, ali ndi zida zoyezera kukhota kumene diso silingaone, amaika zitsulo zenizeni, ndipo amapereka chikalata chakuti ntchito ikalephereka adzaibwereza. Komanso chitsimikizo chimene munthu amalandira pogula injini yatsopano chikhoza kufa ngati wina wosavomerezedwa waimasula.

Nzeru yotere si yachilendo kwa anthu a m'nyanja. Sitima ya Ilala idapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland m'chaka cha 1949, nilumikizidwa ku Monkey Bay, niyamba ulendo mu 1951. Kuti ikhale zaka zambiri chotere pamadzi, n'chifukwa chakuti inkabwerera kudoko lomwelo kwa amisiri odziwa nthiti zake.

Komabe kusankhako kudali kowawa. Kunyamula injini kupita ku Nkhata Bay, kenaka ku Mzuzu, kudatanthauza milungu iwiri yosapha nsomba, pamene fizi ya mwana wake wa ku sekondale idali isanalipidwe. Usiku wonse adawerengera ndalama. Pomaliza adaleka kuwerenga makwacha, nayamba kuwerenga anthu: alovi asanu ndi atatu amene amakwera botilo, aliyense ndi banja lake. Injini ikazima pakati pa Likoma ndi Chizumulu mwera uli pachimake, kutchipa kwa hamala kungawombole yani?

Adagulitsa mbuzi zitatu, nakulunga injiniyo m'masaka, nakadikira sitima ku Mbamba. Mlamu wake adam'tcha wowononga ndalama, koma akazi a alovi aja adam'perekeza mpaka kugombe.