Mlambe wa ku Chipanga

Ambiri a inu mumandidziwa ndi mawu okha. Mumandimva m'mawa ndikulengeza maliro, mbuzi zosochera ndi mtengo wa chimanga ku Zóbuè, koma simudziwa kuti m'chikwama changa, pambali pa chojambulira mawu, mumakhalanso kamera. Ndi ya Nikon, ndinaigula mumzinda wa Tete kwa munthu amene anaitopa nayo. Kumaso kwake kuli lenzi imodzi yokha, ija anzathu amati lente. Ndi ya Tamron, yolembedwa 18-200mm, yolemera magalamu 400. Botolo la madzi la theka la lita limaiposa kulemera.

Manambalawo asakuopseni. Ukaipotokola n'kuiika pa 18, diso lake limatambasuka, phiri lonse la Zóbuè n'kulowamo pamodzi ndi minda ya m'munsi mwake. Ukaipotokola mpaka pa 200, imasolola khosi ngati kakowa, ndipo nyani amene wakhala pamwala kutsidya kwa msewu amabwera pafupi, mpaka umaona chimanga chakuba chili m'manja.

Akatswiri amanyamula malenzi atatu kapena anayi, ndipo zithunzi zawo zimaposa zanga, sindikana. Koma iwo sakwera chapa. Ine ndimayenda chikwama chili pamiyendo, thumba la malambe la mnzanga likundikankha m'nthiti. Ndiye pali fumbi. Ukachotsa lenzi kuti uike ina, mimba ya kamera imakhala pululu, ndipo kuno ku Moatize mphepo imayenda ndi fumbi la malasha. Likalowa, chithunzi chilichonse chimatuluka ndi timadontho kumwamba, ngati ntchentche zaunjikana pamtambo. Yangayi chiigulireni sindinaichotsepo.

Ili ndi zofooka zake. Ikatalika, kabowo kolowera kuwala kamachepa kufika pa f/6.3, choncho madzulo mbalame imangotuluka ngati chithunzithunzi. Komanso chimene chimakulitsa nyani chimakulitsanso kunjenjemera kwa manja ako. Ndinaphunzira kutsamira mtengo, kupanikiza zigongono m'nthiti ndi kugwira mpweya ndisanadine.

Chaka china agogo ena anabwera kuwailesi kudzapereka uthenga wa sadaka ya amuna awo. Anali mmodzi wa anthu amene anasamutsidwira kuno ku Cateme m'zaka za 2009 ndi 2010, pamene mabanja oposa 700 anachotsedwa ku Chipanga, Mithete, Malabwe ndi Bagamoyo kuti mgodi wa malasha upeze malo. Ataona kamera patebulo anafunsa ngati ndi ija imaona patali. Ndinati inde agogo, ndi yomweyo.

"Mwananga, ukapita ku Moatize ukandijambulireko mlambe wanga. Uli kuseri kwa pamene panali nyumba yathu ku Chipanga. Uli ndi nthambi yothyoka mbali ya kum'mawa."

Patsinde pa mtengowo ndi pamene ankathira nsembe mvula ikachedwa, ndipo ana awo onse anaphunzirira kuyenda pamthunzi wake. Kuchokera ku Cateme ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 40, koma iwo anali asanabwerereko. Akanapitanji, poti malowo tsopano salowa munthu wamba?

Ndinapita mwezi wa Outubro, ndipo apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinafika masana, ndinaima pachulu kunja kwa malire, n'kutalikitsa lenzi mpaka pomaliza. Zonse zinkavina. Dzuwa la ku Tete likapsa, mpweya wotentha umakwera kuchokera pansi n'kumapotoza kuwala, ndipo lenzi ikamaona patali imadutsa mumpweya wambiri wotere. Mitengo inkaoneka ngati ili pansi pa madzi a Revúbuè. Palibe batani lokonza zimenezi. Ndinakagona kwa msuweni wanga, n'kubwerera m'mamawa nthaka isanatenthe.

M'mawa kunali mbee. Ndinaona milambe itatu, yonse yopanda masamba, itaima motalikirana, kumbuyo kwake kuli mulu waukulu wa dothi lokumbidwa. Pamenepo lenzi inachita chinthu china chimene ndinali ndisanachiganizire. Pa 200 imapanikiza mtunda, chakutali n'kuoneka ngati chagundana ndi chapafupi. Pachithunzi muluwo unkaoneka ngati watsala pang'ono kukwirira mitengoyo, pamene maso anga ankaona kuti pakati pake pali danga lalikulu ndithu. Ndinakhala pachulupo nthawi yaitali. Ndife anthu a wailesi, tinaphunzitsidwa kuti nkhani isakokomezedwe, ndipo apa galasi linkandikokomezera nkhani ndisanatsegule pakamwa. Ndinasuntha, n'kufuna mbali imene mtengo uliwonse unkaima wokha, thambo lili kumbuyo. Kodi kubisa muluwo sikunalinso bodza? Funso limeneli sindinaliyankhebe mpaka lero.

Nthambi yothyoka sindinaione paliponse. Ndinajambula yonse itatu, ndinakatsukitsa zithunzi ku Tete, n'kupita nazo kwa agogo Lamulungu madzulo.

Anandiyalira mphasa. Anatenga zithunzizo chimodzichimodzi, n'kumazitalikitsa ndi kuziyandikitsa kumaso, monga mmene ndimachitira ndi lenzi yanga. Pachachiwiri anaima. Anayendetsa chala patsinde mpaka m'nthambi.

"Ndi uwu. Waona mmene wanenepera? Bala lija linapola."

Anaitana adzukulu, amene ena anabadwira konkuno ndipo Chipanga amangomumva dzina, n'kuyamba kuwalozera pamene panali nkhokwe, pamene panali khola, ndi njira yopita kumtsinje. Pachithunzipo panalibe chilichonse mwa zimenezi, udzu wouma wokhawokha, koma anawo ankayang'anitsitsa n'kumagwedeza mitu.

Pondiperekeza, mpongozi wawo anadikira kuti tifike pamsewu. Kenaka ananena chapansipansi kuti amuna awo anauona mlambe weniweniwo uli chigonere zaka zapitazo, koma sanafune kuwauza amayi. Anandipempha kuti nkhaniyi isamveke pawailesi agogo ali moyo.

Sinamveke. Agogo anatisiya chaka chatha nthawi ya dzinja, ndipo uthenga wa maliro awo ndinauwerenga ndine. Banja landilola kulemba izi popanda maina. Chithunzi chija chikadali pakhoma la pabalaza, chokhomedwa ndi msomali, ndipo adzukulu amachitchabe mtengo wa agogo.