Humber ya Bambo pa Msewu wa ku Chia

Njinga imene bambo adandisiyira ndi Humber yakuda, ya mabuleki a ndodo, yolemera ngati mtondo. Idakhala zaka 6 itapachikidwa kudenga la khitchini kwa mlongo wanga ku Linga, ikumwa utsi, mpaka mu Julaye 2024 pamene amayi adatumiza mawu oti ndifike kumudzi msanga, pali nkhani ya munda. Ndalama ya basi yochokera ku Lilongwe kufika pa boma la Nkhotakota ndidaipeza. Yopitirira apo ndiyo idasowa. Ife ogulitsa nkhani imodziimodzi m'manyuzipepala timadziwana: lero wadya nyama, mawa walawa mchere. Tsono ndidatsitsa njinga ija kudenga, nkuikankha kupita nayo kwa wokonza njinga wina pansi pa mtengo wa mango.

Mkuluyo adaiyang'ana kwa kanthawi, adagogoda felemu ndi sipanala, nkumvetsera ngati dokotala. "Iyi ndiye njinga, achimwene," adatero, "osati zamasiku anozi, thumba limodzi la makala basi yapinda msana." Adamata machubu onse awiri, adasintha masipoko 4, adathira oyilo wakuda pa tcheni. Belu lokha ndilo lidakana kulira.

Bambo anali wogulitsa nsomba wa panjinga, ndipo ankati kuchokera pa Nkhotakota njira za njinga zilipo zitatu, iliyonse ndi khalidwe lake. Ya kumpoto, yopita ku Dwangwa, ankaitcha njira ya aulesi: pafupifupi makilomita 55 a chidikha, kuwoloka Bua kumene mpasa zimakwera kukaswana, minda ya mpunga uku ndi uku, kenaka nzimbe mpaka maso kutopa. Ya kumadzulo, msewu wa M18 wopita ku Kasungu, ankaitcha njira ya amuna, chifukwa imakwera zitunda kudutsa m'nkhalango yosungirako nyama, kumene akashembe amakuluma kupyola malaya ndipo njovu ikaima pamsewu umadikira mpaka itafuna yokha. Iwo adaidutsa nthawi imene njovu zinali zitatha ndi opha nyama mozemba. Chiyambire 2015 nkhalangoyo ili m'manja mwa African Parks, ndipo mu 2016 ndi 2017 adabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Ine njira imeneyo ndimaipatsa ulemu, ndimaidutsa ndili m'basi.

Yachitatu ndi ya kumwera, yotsata M5 kupita ku Chia, kenaka nkupatukira kumtunda. Imeneyo bambo sankaitcha dzina lililonse. Inali ya kuntchito basi.

Ndidanyamuka kusanache bwino. Ndidadzera kaye kufupi ndi mishoni ya Anglican, pa mtengo uja amati David Livingstone adakambiranapo ndi Jumbe mu 1863 za malonda a akapolo. Sindidaime. Tili ana tidaimikidwa pamenepo ndi aphunzitsi kokwanira, dzuwa lili phwee, tikulemba zaka m'makope. Chimene ndidaganiza podutsa m'mawa umenewo n'chakuti tauni yathuyi idakula chifukwa cha katundu wotsika kumtunda kudzafika kunyanja: minyanga, anthu omangidwa m'magoli, kenaka chimanga ndi mtedza. Nyanja imalandira zonse zochokera kumtunda. Madzulo a tsiku lomwelo ndidaona katundu wina amene akutsikabe.

Amene sadapalasepo njinga m'mbali mwa nyanja mu Julaye sadziwa mwera. Munthu wa m'galimoto amangoona mitengo ikugwedezeka, nkumati kunja kukuzizira bwino. Wa panjinga wolunjika kumwera amakumana nawo maso ndi maso. Msewu ndi wosalala, wopanda chitunda choti nkudandaula nacho, koma umapalasa ngati ukukwera phiri losaoneka. Humber ilibe magiya. Ukatopa, giya yako ndi kutsika nkuyamba kukankha.

Tala wake nthawi imeneyo anali wopapatiza, wodyeka m'mbali ngati chitenje chakale. Lamulo la panjinga pa M5 silidalembedwe paliponse koma aliyense amalidziwa: ukamva hutala wa thiraki kumbuyo, usacheuke, dziponyere kufumbi. Ndidaona akabaza atanyamula amayi ndi ana kumbuyo akuchita zimenezi mosaphethira n'komwe, kutsika pa tala, kukweranso, nkhani ili m'kamwa. Ndidaona mnyamata atamanga matumba atatu a makala, mwini wake osaoneka, miyendo yokha. Wina adanyamula chitseko. Wina mbuzi m'dengu, ikulira njira yonse. Ine ndekha ndinali wopanda katundu, ndipo ndidachita manyazi pang'ono, ngati munthu wofika pamaliro atavala suti yaukwati.

Pa mlatho wa Chia, makilomita opitirira pang'ono 20 kuchokera pa boma, ndidafika dzuwa litakwera. Apa ndi pamene thamanda lalikulu la Chia limalumikizana ndi nyanja kudzera pa kamtsinje kakafupi, ndipo anyamata a nsomba amathamangira galimoto iliyonse atakweza chambo m'mwamba. Ine sadandithamangire. Adaona njinga, adaona nsapato, nkudziwa kuti apa palibe kanthu. Ndidagula ndekha tinsomba tiwiri ta amayi, nkutimangirira pa handulo monga ankachitira bambo.

Madzi anali paliponse. Chaka chimenecho nyanja idakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere, msinkhu umene idali isadafikepo kwa zaka zambiri, ndipo nyumba ndi malo ogona alendo m'mphepete mwake zidalowa madzi. Ku Dwangwa, kumapeto kwa Febuluwale, madzi osefukira adasamutsa anthu masauzande. Ambiri a m'tauni timaiona nyanja ngati malo okajambulitsa pa Khrisimasi, koma kunena zoona ndi nkhokwe ya madzi ya dziko lonse. Potulukira pake ndi pamodzi, mtsinje wa Shire, ndipo kuyambira 1965 pa Liwonde pali zipata za Kamuzu Barrage zoyendetsa madzi opita kumakina amagetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Babu limene ndimalembera ndakatulo ku Lilongwe limayaka ndi madzi omwewa. Mvula ikachuluka kumpoto ndi kutsidya ku Tanzania, nkhokwe imadzaza, ndipo ikadzaza imabwerera m'mbuyo kulowa mu Chia, Chia nayo nkulowa m'madimba.

Dimba la mpunga la amayi lili kuseri kwa thamandalo. Ndidaima pa mlatho kuyesa kulozera pamene lili. Ndidangoona bango ndi bwato la munthu wina likudutsa.

Pomwepo padafika azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, pa njinga zopepuka zokhala ndi zikwama m'mbali ndi timakina towerenga mtunda. Adachokera ku Nkhata Bay masiku angapo m'mbuyomo, akupita ku Salima. Mkaziyo adasirira Humber yanga, adaijambula, nkunena kuti msewu umenewu ndi umodzi mwa yokongola kwambiri imene adapalasapo. Sindidamutsutse, chifukwa n'zoona. Ndili ndi anzanga olemba amene amakwiya akaona mlendo akusangalala ndi malo amene ife tikuvutikapo, koma ine mkwiyo umenewo sindiupeza. Akakowa anali mbee m'bangomo, madzi ali phee, mapiri a ku Ntchisi akuoneka buluu kumadzulo. Bambo nawonso ankaima pa mlatho womwewu nkumayang'ana, nsomba zili pa kaliyala zikudikira.

Nditadutsa Chia ndidasiya tala nkulowa msewu wafumbi wolunjika kumapiri. Apa mwera udayamba kundimenya cham'mbali, koma mchenga udalowa m'malo mwake. Chinangwa cha kondowole chidayamba kuchepa, minda ya chimanga ndi mtedza nkumachuluka, dothi nkusanduka lofiira. Ndiye zigwembe zidayamba.

Ndidachoka kuno ndili mnyamata, ndipo ndimakumbukira ngalande zoti mwana amadumpha. Zimene ndidapeza ndi zigwembe zoti munthu wamkulu akalowamo saoneka, makoma ake ofiira ngati nyama yosendedwa, mizu ya mitengo ili lende mumlengalenga. Pena msewu udazungulira chigwembe, pena chigwembe chidautsatira nkuuluma m'mbali. Kawiri ndidanyamula njinga paphewa. Chigwembe chimakula chobwerera m'mbuyo: madzi akagwa pamutu pake amakumba pansi, khoma nkugumuka, mutu uja nkusunthira kumtunda. Chaka chilichonse chimayenda mapazi angapo kulowa m'munda wa munthu, ndipo sichibweza.

Amayi adandilandira ndi madzi akumwa, nkuyang'ana njinga nthawi yaitali kuposa mmene adandiyang'anira ine. "Yafika yokha iyi," adatero, "njira ikuidziwa." Atsibweni adabwera titatha kudya, ndodo m'manja, ndipo sadataye nthawi.

"Mphwanga, tiye ukaone wekha. Za pafoni umati tikukokomeza."

Munda wakumtunda, umene agogo aakazi adasiyira amayi, udadulidwa pakati. Mizere ya chaka chatha inkathera m'malere, m'mphepete mwa phompho. Atsibweni adaloza ndi ndodo kumene chigwembecho chidayambira, kumunsi kwenikweni, nkuchitsata ndi ndodo yomweyo kukwera nacho mpaka pamapazi athu.

"Ukuidziwa njira imeneyi?"

Ndidati ayi.

"Iyi ndi njira ya bambo ako. Ankadulira pano ndi nsomba kuti asazungulire kumsewu. Anzawo nkuyamba kutsatira, kenaka ngolo. Tayala limasiya kamzere, mvula imakonda kamzere. Mitengo ya m'mbali tidaotcha makala tonsefe, ineyo ndiwerengere pomwepo."

Sadanene mokalipa. Ankangofotokoza, monga munthu wofotokoza chibale. Dothi lonse limene lidachoka apa, adatero, lidatsika ndi timitsinje kukalowa mu Lifuliza, Lifuliza nkukalitula mu Chia. Thamanda likamadzaza matope, madzi ake amasowa pokhala, amafalikira m'madimba. Amayi, amene adatitsatira pang'onopang'ono, adaseka kuseka kopanda chimwemwe: "Munda wakumtunda ukutsika kukazonda wakumunsi."

Nkhani imene adandiitanira inali iyi. Dimba lamira, munda ukugumuka, amayi akukalamba. Atsibweni adati pali njira ziwiri. Kapena ndiwatenge amayi akakhale nane ku Lilongwe, kapena ndipeze ndalama zolembera anyamata aganyu oti atchinge chigwembe ndi miyala ndi zikhomo zansungwi mvula isadagwe, adzale vetiva ndi nthochi pamutu pake, akonzenso akalozera monga adalangizira alangizi a zaulimi. Ine ndimakhala m'chipinda chimodzi cha lendi. Diploma yanga ili mu sutikesi pansi pa bedi. M'thumba munali ndalama yosakwana ngakhale ngolo imodzi ya miyala.

"Ku tauni ine sindipita," amayi adadula nkhani. "Ndikafere pa lendi?"

Tidakhala chete. Mwana wa atsibweni, mnyamata wa zaka 19 amene adalephera kupitiriza sukulu, anali atagwada pambali pa Humber, akuzunguza pedulo ndi dzanja, kumvetsera kulira kwa tcheni. Atsibweni adamuyang'ana, adandiyang'ana ine, osanena kanthu. Ndidamva zimene sadanene, ndipo mtima udakana. Chinthu chokhacho chimene bambo adandisiyira ine ndekha, osati mbumba, ndi chimenechi. Zaka 6 ndidachisiya mu utsi osachikumbuka, koma tsiku limodzi lokha pamsewu lidandipangitsa kuchiumirira ngati mwana.

Usiku sindidagone bwino. Miyendo inkapweteka, ndipo kunja mwera unkaomba denga.

M'mawa tidapangana pamaso pa amayi. Njinga siigulitsidwa. Mnyamatayo aziyenda nayo ku Chia kukapikula nsomba masiku atatu pa sabata, phindu agawe pawiri, theka likhale la aganyu a chigwembe. Masiku enawo azitutira miyala ndi mbewu ya vetiva. Ine ndizitumiza ya matayala ndikagulitsa nkhani. Amayi adawonjezera lamulo lawo: azidzera kumsewu, ngakhale ndi kozungulira.

Adandiperekeza ndi mnyamata yemweyo, ine nditakhala pa kaliyala ngati wokwera kabaza. Pa zigwembe zija tinkatsika tonse nkunyamulirana. Titafika pa tala adandisiya pansi pa mtengo kudikira galimoto ya matola, iye nkukhotera kumpoto, ku mlatho, mwera uli kumsana. Adayesa kuliza belu ponditsanzika, koma lidangoti khwe.